Kiyibodi Yako ndi Ng'ombe Zanga

Tadala mwana wanga, Nabanda,

Dzanja limene ukuliwerengali ndi la amayi ako, koma mawu ndi anga. Takhala pansi pa chigafa, dzuwa likadali pamutu, ndipo ndawauza kuti alembe monga zikutulukira m'kamwa mwangamu, asakonze, asathire shuga. Ukudziwa kuti ine sukulu sindinaipondeko ngakhale pakhomo pake. Sindinachitepo nazo manyazi, ndipo lero si tsiku loyambira. Ndikanatha kukuitana n'kukuuza pamaso, koma iwe ndi ine tikayamba kukambirana ngakhale nkhuku zimachoka pabwalo. Pepala sungalidule mawu. Ndiye werenga mpaka kumapeto, usalumphe.

Mawa ukukwera minibasi pa Malomo, mkuja ndege ya ku Nairobi kokayamba ntchito. Za kupemphera, za anyamata a m'tauni, za kudya mokwanira, amayi ako akuuza kale ndipo akuuzanso m'mawa. Yanga ndi imodzi yokha: zala zakozo. Chiyambire Lamulungu mtima wanga sunakhale pansi.

Ndine ndinaziputa, sindikana. Titatuluka m'tchalitchi ndinapeza akatekisiti akudandaula kuti mlembi wapita kumaliro ku Nachisaka, pomwe mayina a ana a ulimbitso akufunika kulembedwa pa kompyuta tsiku lomwelo. Ine ndiye pakamwa yasa: "Mukudandauliranji? Mwana wanga alipo. Ameneyo akamalemba sayang'ana n'komwe, mumangomva ngati mvula pa malata." Sindinkanama, ndinali nditakuona ndi maso angawa m'nyumba mwathu. Anthu anatitsatira mpaka kuofesi. A Kamphinda, amene takhala tikupikisana kuyambira tikuweta mbuzi, anatsamira pazenera.

Unandinong'oneza kuti, "Ababa, kiyibodi yanga ija sindinabwere nayo."

Ine ndimvekere, "Kiyibodi ndi kiyibodi, khala pansi."

Unakhala. Maso papepala la mayina, zala pa mabatani, ndipo mvula ija inayambadi. Ine ndinatembenukira kuzenera kuti ndione nkhope ya a Kamphinda. Kenaka akatekisiti anavala magalasi, n'kuwerama, n'kunena kuti, "Aa, mwana wanga, chimenechi ndi Chilatini kapena?" Pagalasi la kompyuta panalibe dzina la mwana ndi mmodzi yemwe. Unafufuta, n'kuyambanso. Zomwezo. Kachitatu unagwetsa mutu, n'kuyamba kusakasaka chilembo chimodzichimodzi ndi zala ziwiri, ngati nkhuku yotola mapira pamchenga.

"A Banda," anatero a Kamphinda, "mvula ija yakata msanga bwanji? Ife tinali titatchera kale ndowa."

Mayi wina kumbuyo: "Zaka zinayi ku koleji, abale inu!"

Tadala, ine ndaonapo zinthu. Ndaonapo matalala akung'amba fodya wa chaka chonse ndili chiimire. Koma tsiku limenelo linaposa zonsezo. A kwaya anayamba kuphunzira nyimbo, anamaliza, anapita kwawo, iwe ukadali pa mayina aja. Njira yonse yobwerera sindinakulankhule chifukwa mumtima ndinkati, mwana uyu watinamiza zaka zonsezi. Undikhululukire ganizo limenelo. Ndalinena kuti udziwe kukula kwa zimene ndinaona.

Titafika kunyumba unatulutsa yako ija n'kuiika pamphasa. Ndinali ndisanaiyang'anitsitsepo. Zidutswa ziwiri ngati chikho choswedwa pakati, kachingwe kakuzilumikiza, mabatani makumi atatu ndi asanu ndi limodzi, onse akuda bii, opanda chilembo ngakhale chimodzi. Unati unaiwotcherera wekha uli chaka chachiwiri.

"Nanga zilembo zili kuti?" ndinakufunsa.

"Zilembo sizikhala pamwamba pa batani, Ababa. Zimakhala m'kati."

Unatembenuza chidutswa chimodzi n'kundionetsa kachitsulo kochepa ngati chikhadabo, n'kunena kuti m'menemo muli malamulo, amene inu ophunzira mumati femuweya. Unati umalemba pa laputopu kuti batani ili lizinena chakuti, ilo chakuti, kenaka umatumiza malamulowo kudzera pachingwe, ndipo kiyibodi imaiwala zakale n'kumvera zatsopano.

"Ukutanthauza kuti batani ili ungaliuze kuti kuyambira lero likhale lina?"

"Ngakhale panopa. Dinani apa."

Ndinadina ndi chala changachi, pagalasi panatuluka chilembo chozungulira ngati dzira. Unalemba zako pang'ono, kanyali kanaphethira, n'kundiuza kuti ndidinenso pomwepo. Panatuluka 2. Manambala ndimawadziwa, ndakhala ndikuwaona pa mabelo a fodya moyo wanga wonse. Batani lomwelo, chala chomwecho! Ndinachotsa dzanja ngati ndakhudza khala lamoto, iwe n'kumandiseka.

Unandiuzanso chifukwa chake, ndipo ndinamva. Unati mikono inkakupweteka polumikizira dzanja mpaka kulephera kunyamula ndowa. Unati kiyibodi ya anthu onse anaiyala kalekale poganizira chilankhulo cha eni ake, moti zilembo zimene ife timazitchula kwambiri zinamwazikana uku ndi uku, zala n'kumangoyenda maulendo. Ndiye iwe unatenga zilembo zisanu zija zimene zimatseka liwu lililonse la Chichewa n'kuziika pamzere umodzi, pomwe zala zakumanzere zimapumira. Ululu unatha. Sindinena kuti n'zopusa zimenezo. Ndi nzeru. Chimene chikundiopsa n'choti nzeru zimenezo ndikuzidziwa kumene zinachokera.

Pakuti ndinakufunsanso kuti, "Mabatani ochepa chonchi, manambala onse ndi tizizindikiro tina tija zimakwana pati?" Unayankha kuti muli nsanjika, ngati nyumba yosanjikiza. Pansi pali zilembo. Ukapanikiza batani la chala chachikulu chakumanzere osalisiya, mabatani onse amakwera nsanjika yachiwiri n'kusanduka manambala. Ukalisiya, amatsikanso. Chala chachikulu chakumanja chimatsegula yachitatu, ya mivi ndi zizindikiro. Batani limodzi, ntchito zitatu, malinga ndi chimene chala chachikulu chikuchita.

Apo m'pamene ndinadzuka n'kupita kukhola. Unaganiza kuti ndakwiya. Amayi ako anaganizanso choncho. Sindinakwiye, mwana wanga. Ndinachita mantha. Ndinaona Bulaki ndi Kapiteni zitaima pamphasa paja.

Iwe ng'ombe zimenezi sunazione, unali usanabadwe. Zinali ng'ombe zanga zoyamba zapagoli, ndipo mbali yathu ino ya phiri ngolo inali yanga yokha. Ndisanazigule ndinkaona zimene zinkachitikira ena: munthu abwereka ng'ombe m'mawa, madzulo akubweza zili ndi zilonda pakhosi, ludzu lili tho. Koma pamudzi kukana n'kovuta, ukakana ndiwe mfiti. Ndiye ndinaganiza mochenjera. Zikadali zazing'ono ndinkapita nazo kudambo ndekha, n'kumaziphunzitsa osagwiritsa ntchito mawu aja amene aliyense amakuwira ng'ombe. Zanga ndinaziphunzitsa likhweru. Likhweru lake limodzi lomwelo, koma tamvera bwino apa, Tadala. Ndodo ikaloza pansi, likhweru limatanthauza yendani. Ndodo ndikaikweza m'mwamba, likhweru lomwelo limatanthauza khoterani kumanzere. Ndikaigoneka paphewa, kumanja. Likhweru limodzi, ntchito zitatu, malinga ndi chimene ndodo ikuchita. Ndodo ija ndiye chala chako chachikulucho. Ine wosaphunzira ndinamanga nsanjika zako kudambo iwe kulibe, ndipo palibe anakuuzapo. Zinangoyenda m'magazi. Ndicho chinandithawitsira kukhola.

Ndipo zinkayenda bwino, usaganize kuti ayi. Mizere yanga inkaongoka ngati yoyeza ndi chingwe, popanda kukuwa, popanda chikoti. Munthu akabwera kudzabwereka ndinkati, "Tengani, achimwene, n'zathu zomwe izi." Amange goli, akuwe, atukwane, ng'ombe zili phee kubzikula. Pakapita nthawi abwera thukuta lili kamukamu: "A Banda, ng'ombe zanuzi n'zogontha?" Ine: "Kaya, dzulo zinkamva." Kuseri ankanditcha Nzeruzayekha. Dzinalo ndinalivala ngati chipewa chatsopano.

Nkhani za ng'ombezi zilipo ziwiri, ndipo ndiyamba ndi yoseketsa, ngakhale inachitika pambuyo pa inzake. Ng'ombe zija zitakalamba n'kuchoka pakhomo pano, mvula inagwa ine ndilibe zolimira. Anandibwereka zawo ndi a Kamphinda omwewa. Ndinaima kumbuyo kwa pulawo, ndodo pansi, ndinaimba likhweru. Ng'ombe zinangondiyang'ana. Ndinaimbanso mokweza, ina inatembenuka n'kulowa mu mtedza wa eni ake, inzake n'kutsatira, pulawo ikugudubuzika pambuyo, ine ndikuthamanga ndikuimbabe likhweru ngati wamisala. A Kamphinda anakhala pachulu, misozi ikutsika ndi kuseka: "A Banda, zangazo sizimva mbalame, zimamva anthu!" Mawu okuwira ng'ombe ndinkawadziwa, Tadala, ndinakula nawo. M'mutu analimo onse. Koma mutu usanatsegule pakamwa, milomo inali itaimba kale likhweru. Thupi lili ndi sukulu yakeyake, ndipo silimva za mutu. Zinanditengera milungu iwiri kuti pakamwa panga pabwerere kwa anthu. Amayi ako akuti inali itatu. Ndawauza kuti alembe iwiri, koma ndikuona dzanja layenda nthawi yaitali, ndiye kaya alemba chiyani. Chimene tikugwirizana n'choti chaka chimenecho ndinadzala anzanga akupalira.

Lamulungu madzulo unandiuza kuti, "Ya anthu onse ija ndimaidziwa, Ababa, zala zangoiwala pang'ono." Mawu amenewo ndi omwe ine ndinauza a Kamphinda ndili m'munda wa mtedza wa eni ake. Usamanamize munthu amene ananamapo bodza lomwelo.

Tsopano nkhani imene sindinakuuzepo. Uli wamng'ono unandifunsa chifukwa chimene azakhali ako a Veronika salowa m'nyumba mwathu, amangopereka moni ali panjira. Ndinakukalipira kuti za akuluakulu sizikukhudza. Lero zikukukhudza.

Ndinali nditapita kumaliro ku Bowe, panjinga, ulendo wa masiku awiri. Mlongo wanga Veronika anali woyembekezera, mwana wake woyamba, ndipo tonse tinkati masiku akadalipo. Tsiku lachiwiri, dzuwa lili paliwombo, matenda anamuyamba, ndipo anayamba moipa. Azamba atamuona anati uyu si wa pakhomo, thamangani naye kuchipatala. Ngolo inali pabwalo langa. Ng'ombe zinali m'khola, zokhuta, zamphamvu. Alamu anga ndi amuna ena anamanga goli, anayala mphasa, anamugoneka Veronika m'ngolomo. Anakuwa. Ng'ombe zili chiimire. Anakoka, anakankha, anamenya. Zili chiimire, chifukwa ndi mmene ine ndinaziphunzitsira, kuti mawu a munthu wina ndi mphepo chabe. Kenaka wina anakumbukira kuti a Banda amaimba likhweru. Anaimba. Koma ndodo anali ataikweza m'mwamba, pofuna kumenya. Bulaki ndi Kapiteni zinamvera. Zinakhotera kumanzere. Anaimbanso, ndodo ili m'mwamba, zinakhoteranso kumanzere. Ngolo inkangozungulira pabwalo langa, kuzungulira, kuzungulira, mlongo wanga akukuwa m'katimo.

Amayi ako aika cholembera pansi.

Atolanso. Akuti ndikuuze, ndipo alemba okha mmene anenera: "Ine ndinali m'ngolomo, mutu wa Veronika uli pamiyendo panga. Ndinkatseka maso kuyesa kukumbukira mmene bambo ako ankagwirira ndodo ija, koma ndinali ndisanaloledwepo kuyandikira." N'zoona. Anandipempha kangapo kuti ndiwaphunzitse, ine n'kumati, mkazi ndi ng'ombe wapi ndi wapi.

Pomaliza anamutsitsa, anazula chitseko cha nyumba yathu, n'kumunyamulirapo kutsika phiri lonse lija wapansi. Veronika anapulumuka. Mwana, wamwamuna, sanalire. Sindikunena kuti ngolo ikanayenda mwanayo akanakhala moyo, zimenezo adziwa ndi Mulungu. Koma nditafika kuchokera ku Bowe ndinapeza nyumba yanga ilibe chitseko, ndipo pabwalo panali mkombero wa matayala, wozama, wozungulira bwinobwino ngati wojambula dala. Ndinaima pakati pake njinga ili m'manja. Palibe anandilankhula. Mpaka lero palibe anandinenapo m'maso, ngakhale Veronika amene.

Ndipo tamva choopsa kuposa zonse. Sindinasinthe. Ukanaganiza kuti m'mawa mwake ndinaitana mudzi wonse n'kuwaonetsa za ndodo ija. Ayi. Ndinatenga khasu n'kufafaniza mkombero uja, ndinabwezeretsa chitseko, ndipo ng'ombe zija ndinaziyendetsa ndi likhweru zaka zina zinayi. Kuphunzitsa munthu wina kukanakhala kuvomera kuti ndinalakwa. Ndiwo mtundu umene wabadwiramo, Nabanda. Sititembenuka, ngakhale phompho tikuliona.

Ndikudziwa chimene ukunena mumtima pofika pano: "Ababa, kiyibodi siipha munthu." Eya, siipha. Koma amayi ako andiuza za kalata imene eni ntchito anakutumizira, imene unawawerengera kukhitchini ukuseka. Miyezi itatu yoyamba ndi yokuyesa. Ugwira ntchito pa makina awo. Ndipo alemba poyera kuti salola munthu kulumikiza chipangizo chochokera kunja pa makompyuta awo, poopa akuba a zinsinsi. Iwe akuti unangoti, "Ndikawafotokozera, akandimvetsa." Nditamva zimenezo ndinafunsa amayi ako kawiri ngati anamva bwino. Akakumvetsa ndani? Kumeneko kulibe akudziwa kuti ndiwe Nabanda, mwana amene ankakhoza masamu kuposa anyamata onse. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Akakukhazika pa kiyibodi ya anthu onse tsiku loyamba, m'chipinda chodzaza anthu, ndipo chimene akaone ndi chimene tinaona ife Lamulungu. Kusiyana kwake n'koti kumeneko kulibe a Kamphinda okuseka pazenera. Amene amakuseka ndi wako, mawa akubwereka ng'ombe. Kumeneko sakaseka. Akangoyang'anana, miyezi itatu ikatha akakuthokoza mwaulemu n'kukuonetsa chitseko. Ndipo udzatsika minibasi pa Malomo ndi chikwama chomwecho, osati chifukwa chosadziwa ntchito, koma chifukwa cha magazi anga. Chimenecho ndiye chikundidya. Usabwerere chifukwa cha ine, Tadala.

Unandisimbira wekha, ukuseka, za cholakwa chimene unachita utangoyamba kumene. Unati unapanga batani lokwerera nsanjika ya manambala, loti ukalidina kamodzi umakhala komweko osatsika, koma unaiwala kuika batani lotsikira. Unakwera, n'kupezeka kuti chilichonse chimene ukudina ndi nambala, ngakhale dzina lako sungalembe, mpaka unachita kuzula chingwe. Unaseka, inenso ndinaseka nawo. Koma ndakhala ndikuziganiza kumunda masiku onsewa. Pakachipangizo kako unaphunzira kuti usamange pokwerera popanda potsikira. Nanga zala zako? Wazikweza zaka zitatu kumalo kumene kumakhala iwe wekha, ndipo Lamulungu tonse tinaona kuti makwerero palibe.

Unandiuzanso china chimene ndachisunga. Unati batani ukalisiya lopanda lamulo pa nsanjika yapamwamba, silikhala chete, limatenga lamulo la pansi pake. Ndiye kuti chimene chili pansi penipeni ndicho chimayankha zina zonse zikasowa chonena. Munthu akadzidzimuka, akachita mantha, bwana ataima kumbuyo kwake, nzeru zapamwamba zimathawa, zimatsala za pansi. Ine za pansi panga linali likhweru. Iwe onetsetsa kuti pansi pako pali njira imene anthu ena amayendamo.

Sindikuti utaye yakoyo. Ndamva, imakusungira mikono, ndipo ndi ntchito ya manja ako. Ndikanakhala wopusa kukuuza kuti utaye chinthu chimene ine ndemwe, ukapita kumadzi, ndimakachiyang'ana n'kumapukusa mutu ndi kunyada. Pita nayo. Uzilembera kunyumba kwako madzulo, uzitilembera ife. Ukadzakhazikika, atakuona ntchito yako, mwina adzakulola okha. Koma chilolezo amapatsa munthu amene waonetsa kale kuti angathe popanda icho.

Ndinakufunsa ngati mayalidwe a anthu onse aja angalowe m'kachipangizo kako ngati nsanjika ina. Unati, "Mphindi khumi zokha, Ababa." Ndinati nanga bwanji sunawaike. Unati, "Amandichedwetsa." Mphindi khumi! Ine kuonetsa amayi ako magwiridwe a ndodo kukananditengera zochepa kuposa pamenepo. Uwaike lero lomwe, dzuwa lisanalowe. Ndipo batani lotsegulira nsanjika imeneyo usalibise pakati pa anzake akuda aja. Ulipake utoto wofiira wa m'zikhadabo uja, kuti mnzako akadzakhala pampando wako tsiku limene iwe wadwala kapena uli kutali, adzangodina pofiirapo n'kupeza zilembo zili m'malo amene iye akuwadziwa. Ulembenso papepala mmene wayalira nsanjika zako zonse, batani ndi batani, pepalalo lizikhala pansi pa kiyibodiyo. Chinthu chodziwa munthu mmodzi si chuma, ndi msampha, ndipo sukola mwini wake yekha.

Amayi ako akuti ndanena kale zimenezi kawiri. Ndinena kachitatu. Zala zako ziphunzirenso njira ya anthu onse. Usadalire kuti akakumvetsa. Usadalire kuti mutu ukudziwa.

Tsopano umve chimene ndachita m'mawa uno, iwe uli kotsanzikana ndi anzako. Ndinavala jekete n'kupita kutchalitchi. Ndinawapeza akatekisiti akusesa paofesi. Ndinayamba ndi za mvula, za feteleza, za mwendo wawo, mpaka iwo anati, "A Banda, simunakwere phiri lonseli kudzafunsa mwendo wanga." Ndiye ndinavula chipewa. Ine, Tadala. Ndinati, "Lamulungu ndinadzitama, ndipo amene analipira ndi mwana wanga. Iye anandichenjeza, ine sindinamve. Ntchito amaidziwa, koma zala zake zinazolowera njira ina. Ndithandizeni." Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndikuganiza kuti ankafuna kutsimikiza kuti ndine ndemwe. Kenaka anandiuza chinthu chimene sindinkachidziwa: kuti kusintha malamulo m'kachipangizo kako sikukwanira, chifukwa ya anthu onse ija ndi yaitali, mabatani ake anakhala mopendekera, ndipo zala ziyenera kuzolowera thupi lake lenilenilo. Analowa m'kati, anatsegula kabati, n'kutulutsa kiyibodi yakale imene anasiya kuigwiritsa ntchito. Yotuwa, yafumbi, kamwendo kamodzi kothyoka, koma akuti mabatani onse amagwira. Ndinafuna kuwapatsa nkhuku, anakana. Anati, "Mumuuze kuti mayina aja anawalemba onse bwinobwino, palibe limene analakwitsa."

Pobwerera, ndani wina ndikanakumana naye? A Kamphinda, ali panjinga, ine chinthucho chili m'khwapa, chingwe chikulendewera.

"Ii, a Banda! Mwayamba sukulu ku ukalamba?"

"Ndayamba," ndinatero. "Muuze mudzi wonse, musasiye nyumba."

Anatsika panjinga. Anayenda nane mpaka pamphambano, ndipo posiyana anati, "Mwanayo apite bwino." Ngakhale iwo anadabwa, ndipo ine ndinadabwa kuposa iwo.

Amayi ako aipukuta ndi kansalu konyowa, batani ndi batani. Ili m'chikwama chako chachikulu, pansi penipeni, yokulungidwa m'chitenje chobiriwira, pansi pa thumba la mtedza. Unati ukafika ukakhala masiku khumi usanayambe ntchito. Ine pakamwa panga panatenga milungu iwiri, kapena itatu, koma ine ndinali wamkulu kale ndiponso ndinkalimbana nazo. Iwe ndiwe mwana, ndipo mutu wako ndi wa amayi ako. M'mawa uliwonse, usanamwe tiyi, usanakhudze yako yakuda ija, khala pa yotuwayi. Lemba mayina a anthu a m'mudzi muno, nyumba ndi nyumba, kuyambira kumtunda mpaka kudambo. Ulembe ndi la azakhali ako. Zala zikakana, zikathawira kwawo, usakwiye, zibweze. Zidzakupweteka mumtima, kuyenda pang'onopang'ono pomwe ukudziwa kuthamanga. Ndikudziwa kuwawa kwake. Pirira.

Sindikukakamiza. Ndiwe wamkulu, ndipo ndikudziwa bwino chimene munthu wa kwa Banda amachita akakakamizidwa. Ukaona kuti bambo ako akulowerera zimene sakuzidziwa, itulutse, uisiye pabedi, amayi ako adzaibweza kutchalitchi mwakachetechete. Sindidzakufunsa, lero kapena chaka chamawa. Ndikuperekeza mpaka pa Malomo mulimonsemo, ndipo madalitso anga upita nawo onse, osachotsera.

Koma chikwama chachikulucho ndinyamula ndine. Ndachikweza katatu masana ano, ndipo dzanja limene lakhala likuyeza mabelo a fodya zaka zonsezi silisokonezeka. Mawa ndikachinyamula pakhomo, ndidziwa yankho lako tisanafike pamsewu.

Ndine bambo ako,
Banda